Khoko la Malemu Ovidio

Aphungu,

Vuto langa ndi bambo anga ondibereka, a Anselmo, a zaka 71. Amasaka nguluwe zimene zimatithera chimanga kumunda, ndipo zipolopolo amadzipangira okha. Amatola makoko, timabotolo tamkuwa tija timatsala mfuti ikalira, n'kuthiramonso wonga. Chilolezo ali nacho, ndipo achita zimenezi zaka makumi atatu.

Kutalika kwa khoko amayeza ndi maso. Ali ndi khoko limodzi limene anasiya mng'ono wawo, malemu a Ovidio. Amaliimika patebulo, ena onse n'kuwandandalika pambali pake, lofanana nalo ndiye labwino. Chaka chilichonse nguluwe yoyamba amaiombera ndi khoko lomwelo, ati kukumbukira m'bale wawo.

Mwezi watha mwamuna wanga Fabián anabwerako kosaka nkhope ili yakugwa. Akuti mpiringidzo wa mfuti ukumakana kutseka, bambo akumachita kuumenya ndi chikhatho. Atafunsa, anamuyankha kuti, "Iwe mkamwini, ine ndinayamba kuombera iwe uli kumsana kwa amako. Mfutiyi yakalamba ngati ine, imafuna kuinyengerera basi." Ine nditayesa kulankhulapo anangoseka: "Mwanawe, kodi Ovidio angandinamize?"

Loweruka lino akukasakanso, ndipo khoko la a Ovidio aliika kale wonga. Ndili ndi mantha, Aphungu. Sindifuna kuwachititsa manyazi pamaso pa mkamwini wawo, komanso sindifuna kukawazonda kuchipatala. Nditani?

N.L., Victorica

Mayi N.L.,

Mantha anuwo ndi oona, ndipo Fabián waona bwino. Khoko likaomberedwa limatalika pang'ono, pang'ono kwambiri moti diso silingaone, ngakhale diso la mlenje wa zaka makumi atatu. Likatalika kuposa malo ake m'mfuti, kukamwa kwake kumapanikizika n'kuluma chipolopolo. Ndiye mphamvu ya wonga imasowa kothawira, imafuna njira yakumbuyo, ndipo kumbuyoko ndi kumene kuli nkhope ya bambo anu. Mpiringidzo ukakana kutseka, mfuti ikuchenjeza. Sitiimenya ayi. Ine ndili ndi mnzanga wina amene ankamenya chonchi, lero amandipatsa moni ndi zala zitatu.

Tsono taganizani. Khoko la a Ovidio laomberedwa chaka ndi chaka, ndiye kuti nalonso lakhala likutalika. Muyeso womwewo ndi umene wakula, enawo akungotsatira. A Ovidio sakunamiza munthu, koma khoko limene anasiya si limene lili patebulo lero.

Musakangane nawo Fabián alipo, mkulu sagonja mkamwini akuonerera. Mawa lomwe atengeni inu nokha, muwauze kuti, "Bambo, tandiperekezani ku Santa Rosa," ndipo mfuti ndi makoko onse mupite nazo kwa mmisiri wa mfuti. Iye ali ndi chipangizo choyezera, ndiponso buku lonena kutalika koyenera kwa mfuti imeneyo. Makoko otalika awadula, otopa awataya, odzaza kale awachotsa wonga bwinobwino. Inu musayese kuwatsegula nokha, ndipo pasapezeke wonena kuti tiombereko chimodzi tione. Bambo anu adzionere okha nambala pachipangizocho. Mudzadabwa, mkulu amene amakana mawu a mwana wake amamvera kachitsulo msangamsanga.

Za khoko la a Ovidio musalankhule zotaya, mungawapweteke mtima. Auzeni kuti limeneli lagwira ntchito yake, lipume tsopano. Lipukuteni, liwale, likakhale pafupi ndi chithunzi cha mwiniwake pabalaza.

Koma bambo anu akakana zonsezi, Loweruka Fabián asapite, ndipo kiyi wa galimoto akhale m'thumba mwanu. Adzakalipa, mwina sakulankhulitsani tsiku lonse. Asiyeni akalipe. Bambo okwiya mudzawapepesa Lamlungu pa nyama yootcha, koma diso silimeranso.

Aphungu