Nsomba za M'galasi za Mwana Wanu

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ndikhulupirira miyendo ija inaleka kutupa, ndipo chifuwa chija munachisiya konkuno. Ine ndili moyo. Sindinena kuti ndili bwino, poti munandilera kuti ndisamaname, ndipo lero ndakhala pansi mtima ukutentha. Mupirire mumve zonse. Muli moyo munkandidula mawu ndikangotchula dzina la mwana wanu wamwamuna. Tsopano simungandidule.

Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa. Mdzukulu wanu Feliya anachira ku chipatala cha Mtengowanthenga, mwana wamkazi, wamphumi yotakata ngati yanu. Chimanga chinavuta, mvula inadula chikumasula, koma mtedza ndi mbatata zinatiwombola. Ana a m'mudzi muno onse ali kusukulu tsopano poti fizi inatha, akuphunzirira pansi pa mitengo, moti mbuzi zikusowa abusa. Kumsika kwa Madisi safunsanso khadi la chipani. Bambo a Feliya msana ukuwavutabe. Zabwino zathera pomwepa.

Laisoni anabwera. Inde, yemwe uja munkamudikira pakhonde, kumangoti galimoto iliyonse yolira kumsewu ndi yake. Atanyoza boma pamowa n'kuthawira ku Zambia, amene anyamata a chipani anamukhazika padzuwa tsiku lonse kumufunsa komwe walowera ndinali ine. Amene ndinkakusambitsani ndi kukutembenuzani pamphasa ndinali ine. Koma tsiku lomaliza lija munandigwira dzanja n'kunditchula kuti Laisoni. Ndinavomera kuti mupite ndi mtendere. Pamaliro panu sanaoneke, chikhalirecho anzake othawa anali atayamba kale kubwerera kwawo.

Anafika chisankho chitapita, atanenepa, ali ndi mkazi wa ku Chipata dzina lake Joyisi. Kumanda kwanu anangoimako pang'ono, manja ali m'thumba, n'kufunsa kuti kiyi wa nyumba yanu ali ndi yani. Mphasa yanu, mitsuko ndi lichero anazitulutsira kukhitchini. Pa tebulo lanu lija, lomwe munkaikapo buku la nyimbo, anakhazikapo bokosi la galasi mbali zonse, lalikulu ngati sutikesi. Anathiramo mchenga ndi timiyala, nalumikiza kamakina kopopera mpweya ku batire ya galimoto. Kenaka anamasula mapepala apulasitiki omwe anachokera nawo ku Lilongwe. Munali tinsomba tochepa kuposa matemba, ta michira yofiira ndi yachikasu.

Bambo a Feliya anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Alamu, zimenezi zikakula tidzadya?"

Iye anati, "Izi si ndiwo. Anthu otsogola amaweta nsomba zongoyang'ana. Akuluakulu a chipani akamabwera aziona kuti kuno kuli munthu woona dziko."

Ankafuna mpando m'chipani chatsopanocho, ndipo bokosi lija ndilo linali chikwangwani chake.

Madzi anatunga ndani? Mukudziwa kale. Anati, "Iwe Esinati, alamu ako sanazolowere kusenza." Ndinanyamula ndowa kupita kumjigo, mawu anu akulira m'khutu: "Mlongo wako ndiye mwini mbumba, usamamuyankhe." Ndinasenza mpaka bokosi linadzaza.

Masiku oyamba mudzi wonse unathera pakhomo panu. Aliyense wobwera, iye ankawaza chakudya pamadzi kuti aone mmene tinsomba timalimbirana. Cha m'chitini chogula chitatha, anayamba kuwaza gaga ndi nyenyeswa za buledi. Sabata isanathe madzi anachita mbuu ngati matsukwa, ndi fungo lake lomwe. Tinsomba tinaleka kusewera. Tinakwera pamwamba n'kumangoyasama ngati anapiye ogwidwa ndi chitopa. Mmawa wina tina tinapezeka titayandama chagada.

Anandiitanitsa. Anati ndowa yanga ndimasungunuliramo feteleza. Ndinamuonetsa kuti ya feteleza ndi ina, yobooka m'mbali. Ndiye anati vuto ndi madzi a pamjigo, ali ndi dzimbiri. Kuyambira pamenepo mmawa uliwonse ankawola nsomba ndi sefa ya tiyi, kutaya madzi onse, kukwecha galasi ndi miyala ndi sopo, n'kuthiramo madzi atsopano ozizira. Zinapitirira kufa. Anakwera basi kukagula zina, nadzazithira pamwamba pa zodwalazo.

Kenaka maso ake anagwera pa kasupe. Kasupe wa m'dimba mwanu, patsinde pa phiri, yemwe munandilozera pamaso pa atsibweni kuti ndi wanga ndi ana anga aakazi. Anati madzi ake okha ndiwo oyera, koma mbuzi ndi ndowa zathu zikuwavundula. Analemba anyamata, nazinga kasupe yense ndi mpanda waminga, naikapo kachitseko kamalata ndi loko. Unali mwezi wa Okutobala, Amayi. Nazale yanga ya fodya inali itangomera. Mukudziwa mmene mbande zimafunira madzi mmawa ndi madzulo. Ndinamupempha kiyi, iye anati ndidikire nsomba zilimbe kaye. Ndinapita kwa atsibweni, iwo anati, "Munthu wangobwera kumene kuchokera kutali, tisamukhumudwitse." Ine ndi Feliya, bala lake lisanapole bwino, tinkasenza madzi kuchokera kumjigo kutsika nawo kudimba. Sanakwane. Mbande zinapsa ndikuona ndi maso anga, bedi ndi bedi.

Madzi a pakasupe nawo sanathandize. Tebulo linali pawindo pomwe dzuwa limawomba, ndiye m'bokosi munabiriwira ndi ndere moti nsomba sizinkaonekanso. Zinkangodziwika zikayandama.

Tsopano khalani bwino mumve chimene chandilembetsa kalatayi. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, anthu atadzaza pabwalo panu, mwana wanu anatuluka ndi nsomba zakufa m'mbale, naziika pansi patsogolo panga.

Anati, "Ndasintha ndowa, ndasintha madzi, zikufabe. M'banja muno muli munthu wosafuna kuti ine nditukuke. Ndipo ndifunse nawo. Amayi anga anafera m'manja mwa yani?"

Ine ndinayang'ana manja angawa, omwe ankakuchapirani nsalu zoipa pamene iye ankadya buledi ku Zambia. Atsibweni anangowerama n'kumakanda pansi ndi ndodo.

Mawu otere sabwerera m'kamwa. Pamaliro a kwa Nachisaka sabata yotsatira, ndikuti ndithandize kutunga, amayi anzanga a chigwirizano anandilanda ndowa nati ndipume. Palibe anakhala pafupi nane. Apongozi ake a Feliya anabwera kudzatenga iye ndi khanda, akuti mphepo ya kuno yaipa. Ana ondiona m'njira ankapatukira m'tchire. Munkakonda kunena kuti chibale n'fupa, sichiwola. Simunandiuze kuti fupa limatsamwitsanso.

Amene anatsegula nkhaniyi ndi mlangizi wa zaulimi, a Kamphinda, omwe anabwera kudzayendera nazale. Ataona mabedi anga opserera ndi mpanda uja, anafunsa, ndipo ndinawalozera nyumba yanu. Iwo amalangizanso alimi a madamu a nsomba cha ku Ntchisi. Analowa, ine ndinaima pakhomo. Ananunkhiza madzi, nafukula mchenga ndi kamtengo, ndipo panatuluka utsi wakuda wa gaga wowola.

Anati, "Bambo, bokosi ili ndi khola. Mwaunjikamo ziweto zambiri, chakudya chikuwolera pansi, ndipo zikusambira m'zonyansa zawo zomwe. Sopo ndi poizoni kwa nsomba. Komanso madzi a m'bokosi latsopano amafuna akhazikike. Inu mukumawataya onse tsiku ndi tsiku, ndiye akhazikika liti? Muzichotsako pang'ono, n'kuthiramo ogonera. Lichotseninso padzuwa. Madzi a pamjigo analibe mlandu, ndipo kasupe uja mwamutsekera chabe."

Mukuganiza kuti mwana wanu anachita manyazi? Anapukusa mutu nati, "Zasukulu ndazimva. Komabe apa pali dzanja la munthu."

A Kamphinda anati, "Lilipodi dzanja, bambo. Lomwe limawaza gagalo."

Tsiku lomwelo dzuwa lili paliwombo ndinatenga chikwanje ndi kutsetserekera kudimba. Sindinabisale. Ndinagwetsa mpanda wonse, minga ikunding'amba mikono, kachitseko ndinakaponya m'khwawa ndi loko wake yemwe. Iye anabwera akuthamanga, nakweza dzanja.

Ndinati, "Menya, Laisoni. Anyamata a chipani anakuyambira kale ntchito imeneyi, ndipo mbama zimene zija zinali zako."

Chibadwire ndinali ndisanamutchulepo dzina kumaso. Dzanja linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatsika lokha. Anatembenuka n'kumapita. Ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanandigwadiritsa kuti ndimupepese. N'chifukwa chake tsiku limenelo, Mulungu andikhululukire, sindinakusoweni.

Mpando uja a chipani anaupereka kwa munthu wina. Mvula yoyamba isanagwe, mwana wanu anamanga katundu kupita ku Lilongwe, batire ndi kamakina komwe. Sananditsanzike. Amene anabwera ndi Joyisi, atagwira kiyi ndi manja awiri.

Anati, "Alamu, ine zonse ndinkaziona, koma ndine mlendo. Nsombazo akuti mukhoza kutaya."

Ndinamuuza kuti mlendo amakhalanso ndi pakamwa. Analira. Sindinamutonthoze.

Ndinalowa m'nyumba mwanu ndi beseni kuti ndiwole zotsalazo ndikaponyere nkhuku. M'madzi obiriwira aja munali mutatsala tinsomba tochepa, towonda, tikuyasama pakona. Ndinaona kuti nato tinangobweretsedwa m'pepala, osafunsidwa, n'kusiyidwa. Ndinakokera tebulo kumthunzi. Mchenga ndinautsuka ndi madzi okhaokha, ndipo ndinazula timaudzu ta m'kasupe n'kudzala mmenemo. Tsopano ndimachotsako kamtsuko kamodzi pakapita masiku, n'kubwezeramo madzi ogonera mumtsuko. Chakudya ndimatsina ndi zala ziwiri basi. Madzi anachita mbuu kachiwiri, ine ndinawasiya monga ananenera a Kamphinda, ndipo mmawa wina ndinapeza ayera mbee, timiyala tikuoneka mpaka pansi. Kamodzi mwa tinsombato kanatupa mimba. Ndinkayesa kadwala, koma kanabereka ana amoyo, osati mazira, tating'ono ngati nsonga ya singano. Sindinauze munthu. Ndinaopa kuti anena kuti ndi zomwe zija.

Musaganize kuti nkhani yatha bwino. Fodya chaka chino ndilibe. Ndinabzala mbande zopempha kwa anthu, zotsalira, ndipo munda uli mawangamawanga. Feliya anabwerera ndi mwana, koma apongozi ake akamabwera amayenda ndi madzi awo akumwa. Kuchigwirizano ena anayambanso kundipatsa moni, ena amangoyang'ana kumbali. Mawu aja mwana wanu sanawabweze, ndipo atsibweni akuti tingoiwala.

Dzana kwabwera uthenga. Akuti wamva kuti madzi anayera ndipo nsomba zaswana, ndiye pa Khirisimasi abwera ndi alendo aulemu, ndisese m'nyumba ndi kuzira pansi. Akutinso akufuna tikambirane za dimba, poti pali anzake ofuna kukumbapo damu.

Amayi, munthu ameneyu munamuumba ndinu. Chiwindi cha nkhuku chinali chake, ine khosi. Iye akaswa chikho, wokwapulidwa ndinali ine chifukwa chosamuyang'anira. Iye munamutumiza ku sukulu ya mishoni, ine munati ndadziwa kulemba kalata, zakwana. Munamuphunzitsa kuti chilichonse chikawonongeka pali mkazi pafupi woti anyamule mlandu, ndipo phunziro limenelo analikhoza kuposa onse. Ndakhala ndikufuna kukuuzani zimenezi kuyambira ndili mtsikana. Ndakwiya nanu, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyowu udzatha liti.

Koma ndikadzuka mmawa ndimayambabe kuyang'ana kukhonde kwanu. Ndikaphika nkhwani wotendera ndimapungulabe mchere poganiza za inu. Ndimakukondani, ndipo n'chifukwa chake zikupweteka chonchi.

Lonjezo langa ndi ili. Manda anu ndizilambula monga mwa masiku onse, ndipo chiliza ndidzakumangirani ndi manja angawa, ngakhale chichedwe. Mwana wanu akabwera, bokosi lake atenge, nsomba zake zili moyo ndipo zachuluka. Koma pakasupe sadzapondaponso, ndipo pakhomo panga sadzamwa madzi mpaka adzaime pabwalo lomwe lija, pamaso pa anthu omwe aja, n'kunena mokweza kuti inu munafera m'manja mwa munthu wokusamalani. Mukandidzera kutulo, bwerani, ndidzakuyalirani mphasa. Koma mukadzabwera kudzamupepesera, ndidzatembenukira kukhoma.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anatsala,

Esinati