Izi ndi za Tiyamike

LACHIWIRI

Amayi, 06:04
Wadzuka bwanji mwana wanga Tiyamike? Tithokoze Mulungu watidzutsanso, ena dzuwa la lero sanalione. Ndabwerako ku maliro ku Dzoole dzulo madzulo. Ndalama za fizi zija walandira?

Tiya, 06:31
ndadzuka bwino amayi kaya inu. ndalama ziti? pa foni palibe chalowa

Amayi, 06:33
Osati pa foni. Ndinapatsira a Nedson, mkulu wa mpingo uja. Dzulo amabwera ku Lilongwe konko kudzagula malata a tchalitchi.

Tiya, 06:35
kuno ku koleji sanafike amayi!! ndinakuuzani kut muzingotumiza kwa ejenti. ku accounts akutseka lachisanu 12 koloko, amene sanamalize fizi salowa mayeso lolemba

Amayi, 06:40
[mawu ojambula 0:38]
Ejenti wakoyo usandiuze. Ameneyo ndi Zakeyu asanakwere mumtengo. Potumiza adule, iwe potapa adulenso, tsiku lina ukayenda mtunda wonse uja akuti ndalama zamuthera. Soya ndinapalira ndekha ine, msana uwu. Ndiye ndinati bola munthu wa Mulungu, wopita komweko ndi miyendo yake. Dikira, mwina anachedwa ndi katundu.

Amayi, 11:15
Koma kuno kukuchitika zachilendo. Kuchigayo amayi atatu andigwira chanza, akuti Mulungu akuonjezereni pomwe mwachotsa. Ndachotsa chiyani ine?

Tiya, 11:52
amayi ndikuwaika a Nedson mu group muno, nambala ndaipeza kwa a kwaya

[Tiya waonjezera A Nedson]

Tiya, 11:54
mwaswera bwanji abambo. pepani, tikufunsa za ndalama zomwe amayi anakupatsirani lamulungu

A Nedson, 13:20
Mtendere wa Ambuye ukhale nanu amake Judith, ndi iwe Judith. Mpingo wonse wa Msakambewa ukuthokoza. Mphatso ija ndi yomwe inakwaniritsa malata a mbali ya amayi. Titalengeza, nthungululu zake zinamveka mpaka kumsewu. Chisoni chake inu munali mutapita ku maliro.

Tiya, 13:21
mphatso??

Amayi, 13:22
Mphatso yanji abambo?

A Nedson, 13:26
Yachiyamiko ija. Linali tsiku la masika, anthu akutula chimanga ndi nkhuku. Inu munandipatsa kampango komanga n'kunena kuti popeza mawa mukupita ku Lilongwe, izi ndi za tiyamike. Ine ndinati Amen, tiyamikedi.

Amayi, 13:31
[mawu ojambula 0:52]
Mayo ine! Ndinadabwatu kuti Amen ameneyu wachokera kuti, koma galimoto ya ku maliro inali ikuliza hutala. Abambo, Tiyamike ndi munthu! Ndi mwana wangayu, amene akukulemberaniyu! Ali ndi mutu, ali ndi miyendo, akuphunzira unamwino. Dzina limeneli anamutcha ndi malemu bambo ake a Howard, titadikira mwana mpaka anthu kutiseka. Inu simunafunse bwanji? Mayi wamasiye wovala nsapato zosokasoka abwere ndi mtolo wotere, inu osadabwa ngakhale pang'ono?

A Nedson, 13:40
Ine mwanayu ndimamudziwa kuti Judith. Tsiku la ubatizo wake ndinagwira mbale ya madzi ndine. La Tiyamike ndikulimva lero. Ndipo za mayi wamasiye wopereka zonse, si zachilendo kwa owerenga Mawu.

Tiya, 13:42
uja anapereka akudziwa abambo. amayi sanadziwe

Tiya, 13:43
plz tibwezereni lachisanu lisanafike

Tiya, 15:10
abambo?

Tiya, 17:45
akuwerenga kma sakuyankha

LACHITATU

A Nedson, 07:02
Ndagona ndikupemphera. Nkhaniyi ndi yovuta. Ndalama zinasanduka malata, malatawo ali pabwalo la tchalitchi, amisiri ayamba kukhoma mawa. Komanso chomwe chalengezedwa pamaso pa Mulungu sichibwerera m'thumba. Kumbukirani Hananiya ndi Safira. Abusa ali ku msonkhano. Akulu ampingo tidzakhala pansi mwezi wamawa.

Tiya, 07:05
mwezi wamawa mayeso atatha!!

Amayi, 07:19
[mawu ojambula 1:04]
A Nedson, musandiopseze ndi Safira ine. Safira anafa chifukwa cha bodza. Bodza lili kuti apa? Lili pa ine wonena zoona, kapena pa denga lomwe mukufuna kukhoma ndi fizi ya mwana? Ndakhala mu Chigwirizano kuyambira musanamere imvi. Chakhumi changa sichinaphonyepo, masika anga ndinatula thumba la mtedza m'mawa womwewo, munaliona ndi maso anu. Mulungu amene ndimamudziwa ine amakonda wopereka mokondwera. Kodi ndikumveka ngati wokondwera? Ine sindine Yefita, sindinalonjeze kupereka mwana wanga nsembe.

A Nedson, 07:30
Mawu akuchuluka amake Judith. Tiyeni tidekhe.

Amayi, 07:31
Adekhe ndani? Wanu Benjamini anamaliza sukulu.

Tiya, 10:12
ndapita ku accounts kukapempha. akuti nkhani ya malata aimva koyamba, aseka, kma lamulo ndi lamulo

Amayi, 16:48
Amayi a Chigwirizano anabwera kuno kunyumba ndi nyimbo, atavala zoyera zawo. Akuti ndakhala chitsanzo. A Rakele mpaka misozi. Ndinawaphikira tiyi, koma zoona zake ndinalephera kuwauza.

Tiya, 17:03
amayi basi zisiyeni. ndidzalemba chaka chamawa. mukanena anthu azikulozani zala mpaka kale, akuti uja analanda Mulungu denga

Tiya, 17:30
amayi mwamva?

Tiya, 18:55
ndaimba kawiri simukuyankha

LACHINAYI

A Nedson, 07:48
[chithunzi]
Judith, lankhula nawo amayi ako. Afika mbandakucha, ayala chitenje pamwamba pa malata, akhalapo. Amisiri angoima ndi hamala m'manja.

Tiya, 07:50
AMAYI

Tiya, 07:50
kkkkk ayi sindikuseka kma amayi mwatani

Amayi, 08:06
Ndakhala pa soya wanga.

A Nedson, 08:15
Anthu ayamba kusonkhana. Izi zichititsa manyazi mpingo. Ana asukulu aima pamsewu.

Amayi, 08:22
[mawu ojambula 0:47]
Asonkhane, ndi zomwe ndikufuna. Munalengeza pagulu, ndikonza pagulu. Ndawauza onse, a Rakele omwe, kuti nthungululu zija abweze, sizinali zanga. Ulemu wakuba sindiufuna, ukundiotcha ngati khala. Ena andiyang'ana kumbali, ena akuti ndapenga. Palibe kanthu. Ndabwera ndi mbatata yootcha ndi buku langa la nyimbo, ndiyamba pa nambala wani. Amene akufuna kukhoma malatawa akhome ndi ine ndemwe.

Tiya, 09:40
dzuwa amayi, malata amatentha. BP yanu

Amayi, 09:58
Anyamata atatu aja sanapse m'ng'anjo. Iwe werenga.

Tiya, 12:15
zili bwanji?

Tiya, 13:37
abambo Nedson tiuzeniko

A Nedson, 14:50
Tawapeza abusa pa foni. Andidzudzula ine kuti ndikanafunsa, ndavomera. Akuti guwa sililandira chomwe mwini sanapereke. Koma ndalama m'thumba la mpingo mulibe, ndipo kusitolo ku Lilongwe akuti katundu wotuluka sabwerera.

Tiya, 14:52
ndie??

A Nedson, 16:20
Mayi Veronika a golosale akumanga khonde. Avomera kugula malata a mbali ya amayi pa mtengo womwe tinagulira. Ndalama apereka mawa m'mawa. Amake Judith, tsopano mukhoza kutsika.

Amayi, 16:24
Nditsika ngolo ya a Veronika ikafika.

A Nedson, 16:31
Ndipo poti cholakwa chinali changa, ndikhoza kukwera basi mawa kukamupatsa mwanayu pamanja.

Amayi, 16:32
Ayi zikomo abambo.

Tiya, 16:32
ayi zkm abambo

LACHISANU

Amayi, 08:41
Ndili kwa Zakeyu. Akuti netiweki yavuta, tidikire.

Tiya, 09:55
amayi nthawi. mzere ku accounts wafika panja

Amayi, 10:20
Mnyamatayu wakwera pachulu ndi foni yake. Ndamuuza kuti asatsike.

Amayi, 10:47
Akuti yapita. Wandiwerengera dzina lomwe latuluka, Judith Tiyamike, ndamuuza abwereze kawiri. Wadula zake, Mulungu amuone. Sindichoka pabenchi pano mpaka unene.

Tiya, 10:49
ZALOWA

Tiya, 11:38
ndalipira amayi. ndilemba lolemba

Tiya, 11:41
kma lamulungu mukalowa bwanji mutchalitchi? mbali yanu ilibe denga chifukwa cha ine

Amayi, 12:03
[mawu ojambula 0:41]
Ndikalowa pakhomo, ngati masiku onse. Ndikakhala malo anga omwe aja, kutsogolo, mphepo ya ku Ntchisi izindiomba. Amene akufuna kundiyang'ana andiyang'ane, ine ndizikayang'ana kumwamba, popeza tsopano palibe chotchinga. Denga tidzasonkha ndi mtedza wa chaka chamawa, aliyense akudziwa chomwe akupereka. Iwe pita ukadye, usawerenge ndi njala. Ambuye akugwire dzanja polemba, akukumbutse zonse unaphunzira, akutchinjirize potuluka ndi polowa. Ndipo manja akowo adzagwire odwala mwachifundo. A Nedson, ndikudziwa mukumvera, nanunso Ambuye akudalitseni, akutsegulireni makutu. Amen.

[A Nedson akulemba...]

A Nedson, 12:19
Amen.