Bafa Lachitseko la a Tato

Lolemba, 9 Januwale

Bafa lalowa. Amisiri amaliza cha m'ma 3 koloko. Lakale lija achita kulidula pakati kuti lituluke pakhomo, ine sindinafune kuonerera. Ndi lomwe malemu amayi ankatisambitsiramo ine ndi mchimwene wanga Myron, komanso ndi lomwe abambo anagweramo mu Novembala n'kugonamo maola atatu osatha kudzuka. Ndiye lipite basi.

Latsopanoli lili ndi chitseko m'mbali. Sudumpha ngati wokwera mpanda, umangotsegula n'kulowa. M'kati muli mpando, zitsulo ziwiri zogwirira, pansi pokhakhala kuti usaterereke, ndi mpopi woti ngakhale uupotoze mpaka pothera madzi sangakuwotche. Curtis, mkulu wa amisiriwo, wandionetsa zonse kawiri. Ndamumvera ndi khutu limodzi, ndinali kalikiliki kujambula zithunzi zoti nditumizire Myron.

M. wayankha kuti ndi labwino, koma pangano lathu lilipobe. Panganolo n'lakuti a Tato (abambo timawaitana choncho) akadzagwanso kapena kuvutika posamba, apita kunyumba yosungirako okalamba. Analinenera pamaso pawo kuchipatala, iwo n'kungogwedeza mutu. Kulamula uli kutali ku Calgary ngati iyeyo n'kosavuta. Woyendetsa galimoto maola awiri kuchokera ku Brandon kubwera kuno ku Dauphin Loweruka lililonse ndine.

A Tato atuluka m'chipatala Lachinayi. Za bafali sakudziwa kanthu. Ndikufuna adzangoliona.

Lachinayi, 12 Januwale

Aliona. Anaima pakhomo la chipinda chosambira atagwira choyendera chawo. Kenako anafunsa komwe lakale lija lili. Ndinati linapita.

"Lesia, ichi ndi firiji kapena bokosi la maliro loimirira?"

Ndinaseka, poti abambo angawa, a Orest Prokopchuk, sanayamikirepo chinthu tsiku loyamba. Zaka makumi anayi ali kunjanji ankanyoza injini iliyonse yatsopano, kenako n'kumadzaitamanda. Ndinawafotokozera dongosolo lake. Mumayamba mwalowa, mutseke, mukhale pampando, kenako mutsegule madzi. Mukamaliza muyambe mwatulutsa madzi onse, chifukwa chitsekocho chimatsegukira m'kati, madzi akadalimo amachikanikiza.

"Ndiye ndizikhala wamaliseche kudikira madzi abwere, ndikhalenso wamaliseche kudikira apite?"

"Mphindi zochepa chabe, Tato."

"Mu Januwale."

Apa mtima unandipsa. Ndinawauza kuti popanda bafali akanakhala ali pamndandanda wa kunyumba ya okalamba, asankhe okha. Anapita kukakhala pampando wawo n'kuyatsa TV kuonera masewera a hoki. Mawu amenewo ndikanatha kuwameza, koma ndinali nditatopa.

Loweruka, 14 Januwale

Kusamba koyamba. Ndinati ndikhala panja pa chitseko, mwina angafune kanthu. Anandithamangitsa. Akuti mwana wamkazi sakhala mlonda wa bafa la bambo ake, ndipite ndikagule buledi wakuda ndi soseji ya adyo. Ndinapita. Kusitoloko ndinakumana ndi Joanne amene ndinkaphunzira naye, tinakhala pa khofi, nkhani zinakoma. Ndinabwerera patatha ola ndi theka.

Ndinawapeza pampando atafunda mabulangete awiri, milomo itada, zala zitachita makwinya ngati mphesa zouma. Ndinafunsa kuti zayenda bwanji. Akuti labwino. Ndinati mwaonatu, munachedwamo chifukwa chokoma. Akuti eya.

Ndamuimbira M. nthawi yomweyo kumuuza. Ndinadzimva kukoma, ndisaname.

Lachitatu, 18 Januwale

Pafoni: mwasamba? Ndasamba. Bafa likuti bwanji? Ndikusamba ngati nduna.

Loweruka, 21 Januwale

Ndapanga perogi (timikate tophika toikamo mbatatesi m'kati) wokwanira sabata yonse, ndachapa, ndakolopa. Bafa lili mbee, louma ngati silinaonepo madzi, sopo amene ndinaikamo zilembo zake zikuonekabe. Ndawafunsa. Akuti amalipukuta akamaliza, ndipo sopo wanga amanunkhira ngati wa atsikana, ali ndi wawo. Thawulo lonyowa ndalipeza pachitseko cholowera kuchipinda chapansi. Ndalitenga n'kuliponya m'makina ochapira, osaganizira kanthu.

Pachakudya analephera kutsegula botolo la nkhaka, nyamakazi ija yakula m'zala. Ndawatsegulira. Akuti ndili ndi manja a amayi anga, olimba ndiponso osafunsa.

Loweruka, 28 Januwale

Sindinapite. Chipale chatseka msewu, komanso kunena zoona ndinafuna ndipumeko.

Lachiwiri, 31 Januwale

Mayi Stadnyk, oyandikana ndi a Tato, andiimbira kuntchito cha m'ma 10 m'mawa. Anaona makatani osatsegula, anatenga kiyi amene tinawasiyira n'kulowa. Awapeza pansi pa masitepe a kuchipinda chapansi, atavala mkanjo wosambira, thawulo lili m'khosi, sopo m'thumba. Fupa la m'chiuno lathyoka. Akuti amalankhula, ndipo mawu oyamba anali akuti asamuuze Myron.

Ndinanyamuka nthawi yomweyo kupita kuchipatala. Opaleshoni mawa.

Lachitatu, 1 Febuluwale

Opaleshoni yatha bwino, akugona. Ndinapita kunyumba kukatenga magalasi awo ndi mano awo oikirira, ndipo ndinatsikira pansi paja. Masitepe khumi ndi atatu, opapatiza, chogwirira mbali imodzi yokha, nachonso chogwedera.

Pa sinki yochapira zovala ndapeza mpando wamatabwa, kansalu kosambira, lezala, kagalasi kokoloweka pa msomali, ndi chikho chothirira madzi. Zonse zoikidwa mwadongosolo ngati zida zawo za kunjanji. Simenti yozizira yoti ine ndi nsapato zanga ndimaimva m'mapazi.

Ndiye kuti masabata awiri ndi theka onsewa akhala akusamba kuno. Munthu wa zaka 84, choyendera akuchisiya pamwamba, n'kumatsika atagwira khoma. Pamwambapo pali bafa lokhala ndi zogwirira ziwiri. Ndinakhala pampando wamatabwawo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Lachisanu, 3 Febuluwale

Lero mutu wawo ukugwira bwino, ndiye ndawafunsa. Poyamba amazemba, akuti khofi wa m'chipatala muno amatsukira mapoto. Ndinati Tato, ndaona sinki. Anayang'ana kudenga.

Zinachitika tsiku loyamba lomwe lija, ine ndili pa khofi ndi Joanne. Anasamba bwinobwino. Pofuna kutulutsa madzi, kachitsulo kake n'kozungulira, kofuna kupotoza ndi zala, ndipo zala zawo zonyowa sizinagwire. Anayesa dzanja ili, anayesa linalo. Chitseko chosatheka, madzi achikanikiza. Anaima kuti adumphe, khoma la bafalo likuwafika m'chiuno. Madzi anayamba kuzizira. Akuti anaitana dzina langa kawiri, kenako anakumbukira kuti anandithamangitsa okha. Pamapeto anakulunga kansalu pakachitsuloko n'kukapotoza ndi zikhatho zonse ziwiri. Akuganiza kuti anakhalamo mphindi makumi asanu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze kuti ukauze Myron? Munapangana ndikumva, ndikadzavutika posamba ndapita."

"Tikanangosintha kachitsuloko, Tato."

"Ine ndimadziwa kuti kamasinthika? Komanso unalowa ukusekerera ndi soseji yako. Ndinali ndisanakuone ukusekerera choncho chimwalirireni amayi ako."

Ndinatuluka n'kukaima pakhonde. Chimene sindinawauze n'chakuti tsiku loika bafa Curtis anandifunsa za manja awo. Anati pali mtundu wina wongokankha, wa anthu a nyamakazi, angathe kuuitanitsa. Ndinamuyankha kuti manja awo ali bwino, vuto ndi miyendo. Ndinayankhira munthu amene anali pa mtunda wa mphindi zisanu, woti ndikanangomuimbira foni.

Ndamuimbira Curtis ndili pakhondepo, mawu ali m'mwamba ngati wolakwa ndi iye. Sanandibwezere. Akuti aitanitsa, abwera Lachinayi.

Loweruka, 4 Febuluwale

Ndalowamo ndekha masana ano, koyamba. Ndinavula, kutseka chitseko, kukhala pampando. Mpandowo wozizira ngati mwala. Madzi amayambira kumapazi, amakwera pang'onopang'ono, msana ndi mapewa zili pamtunda. Mphindi zisanu ndi ziwiri kuti afike pachifuwa, ndayang'ana pa wotchi. Kutuluka mphindi zinayi, uli chinyowere, mano akugundana. Ine wa zaka 56 wamafuta anga. Nanga iwo mafupa okhaokha aja?

Ndinayesa kukankha chitseko madzi akadalimo. Sichigwedezeka n'komwe. Ndinalira momwemo.

Ndinawerenga mapepala onse a mabafa amenewa, ndinafananitsa zogwirira, mipando, mipopi, ndinafunsa anamwino awiri. Mwini kusambayo ndiye sindinamufunse ngakhale liwu limodzi, ndinkaopa kuti akana. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndine, phulalo adya ndi a Tato.

Lolemba, 6 Febuluwale

M. wafika dzulo. Lero tinakhala pansi ndi dokotala komanso mayi woona za okalamba, pambali pa bedi la a Tato. Dokotala sanazungulire. Akuti kuyenda adzayenda pang'ono, koma kukhala okha m'nyumba ya masitepe ayi. Malo alipo kunyumba ya okalamba ya kumapeto kwa tauni, akatuluka muno apite komweko.

M. anafunsa chimene amakafuna pansi paja. A Tato akuti botolo la nkhaka. M. akuti ndi thawulo m'khosi? Akuti amapukutira fumbi la pamabotolo.

"Bafa la Lesia ndi labwino, iwe Myron. Usamuvute mlongo wako. Ndine ndinapusa."

Sindinathe kupirira. Ndinanena zonse pomwepo, za kachitsulo, za sinki, za funso la Curtis. Ndinawapempha kuti ngati vuto linali kachitsuloko, ndipo kakusinthidwa Lachinayi, bwanji asabwerere kwawo. Tikhoma chitseko cha pansi, ine ndizibwera kawiri pasabata. Mayi uja anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati vuto tsopano si bafa, ndi chiuno.

Ndimayembekeza kuti M. andikalipira, ndinali nditakonzekera kale zomuyankha. Sanatero. Pamalo oimika magalimoto anangoti naye pangano lija sakanalinenera pamaso pawo. Kudekha kwakeko kwandipweteka kuposa kukalipa.

Lachiwiri, 7 Febuluwale

A Tato sakulankhula zambiri. Afunsa ngati kumeneko amalola munthu kukhala ndi mpando wake. Amalola. Afunsanso za kusamba. Kamodzi pasabata, Lachiwiri, anamwino awiri amakukweza ndi makina. Anangoti, "Oo."

Lachinayi, 9 Febuluwale

Mapepala a kunyumba ya okalamba asaina okha m'mawa uno. Cholembera chimawapulumuka, ndinafuna kuwagwirira dzanja, ndinadziletsa. Dzina lawo lonse linawatengera nthawi, koma analimaliza. Atatha anandipatsa cholemberacho n'kunena kuti ndikawatengere malaya abuluu ndi chithunzi cha amayi, zinazo tione tokha.

Ndili m'kati molongedza, belu linalira. Curtis ndi kabokosi m'manja. Ndinali nditaiwaliratu zomuuza kuti asabwere. Ndinamulowetsa, poti ndikanati chiyani.

Anagwada, anamasula kakale, anamanga katsopano. Mphindi khumi sizinakwane. Anathiramo madzi pang'ono n'kundiuza ndiyese. Ndinakankha ndi kachala kakang'ono, madzi anayamba kupita, chitseko chinatseguka.

"Apa ndiye abambo azisamba okha popanda vuto, mayi," anatero akupukuta manja. "Akutuluka liti?"

Ndinali ndi malaya abuluu aja pamkono. Ndinamufunsa ngati angatitsekere madzi a nyumba yonse asanapite, ndi kukhetsa otsala m'mapaipi kuti asaphulike ndi chisanu. Anayang'ana malayawo, anayang'ana makatoni ali pakhonde. Anatenga sipanala yake n'kutsikira pansi.