Dzina Lotsegulira Kompyuta

Wokondedwa mchimwene wanga Vincent,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi.

Pamwamba pa pepala la kampani lomwe ndalembapoli pali mawu akuti: "Chinsinsi cha munthu aliyense sichituluka muofesi muno." Mawuwa ndinapeka ndine. Chichokere iwe, abwana a Melvin anandisankha kukhala ofisala woteteza deta, ndiye kuti mbiri ndi zinsinsi za anthu, pakampani yathu yoolotsa katundu pamalire pano, poti lamulo likufuna kuti pakhale munthu wotero ndipo wa Fomu 4 ndinalipo ndine.

Vuto ndi lakuti kompyuta yosunga mapasipoti a madalaivala unaisiya yokhoma. Ikamafunsa pasiwedi imangokumbutsa kuti: "dzina la chibwenzi changa choyamba." Woyendera za chitetezo cha makompyuta akubwera pa 28, ndipo abwana anena kuti ofisala wolephera kutsegula kompyuta yake abwerere kokagulitsa tomato.

Abwanawo anayamba ndi kufunsa AI ya mufoni mwawo. Anaipatsa dzina lako, tsiku lobadwa, mudzi ndi sukulu. Inayankha mwaulemu kuti singathandize kuthyola kompyuta, koma akaonane ndi ofisala woteteza deta. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinawalembera chenjezo chifukwa chopereka mbiri ya munthu kwa makina popanda chilolezo. Sanasaine.

Apa ndiye ndiulule. Ndinakwera njinga kupita kumudzi kwa Kanduku kukafunsa azakhali, monong'ona. Iwo anaitana anzawo akwaya kuti awakumbutse. Ndinabwerako ndi mayina khumi ndi atatu. Mchimwene, unkawerenga nthawi yanji?

Onse kompyuta inawakana. Rozina, mmodzi wa khumi ndi atatuwo, amene pano ndi mayi wa ana anayi, anabwera yekha kudzati ine sindidziwa kulemba dzina lake. Analemba yekha ndi chala chimodzi, inamukananso. Anachoka akunena kuti mango onse ankaba kwawo n'kumakupatsa aja Mulungu anawaona.

Dzulo kunafika mkazi wako Tiffany, atatchena. Anati tisavutike, iwe unamulumbirira patsiku la chinkhoswe kuti woyamba ndi iye. Ndinalemba dzina lake iye ataima kumbuyo kwanga. Kompyuta isanamalize kuganiza ndinazula waya wake ndi phazi, n'kunena kuti magetsi athima. Fani inali ikuzungulira. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati abweranso pa 28.

Chonde nditumizire dzinalo. Usatumize pafoni, lamulo loletsa zimenezo ndinalemba ndekha. Lemba pakapepala, umate envelopu, upatse a Petro, dalaivala wakupatsa kalatayi, pobwerera. Ngati ndi dzina loti banja lingagwedezeke, ndidzalisintha mlamu asanafike. Ngati unaiwala kuti woyamba anali ndani, undiuze msanga ndikayambe kusakasaka dengu la tomato.

Upereke moni kwa amalume ndi onse akwathu ali kumeneko. Mulungu akusunge, akupatsenso chikumbukiro.

Ndine mchemwali wako,
Lucia

Ndinaiwala: mndandanda wa mayina uja wamatidwa pagalasi kometera tsitsi pamalire, ndipo madalaivala akuvota.