Keke ya Ukwati ndi Dzenje la Pageti

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Musandibisire. Mukangoti ali bwino osalongosola, ine kuno chakudya sichitsika. Ife tili bwino. Mutu wokha ndi umene ukundiwawa pang'ono, koma mlamu wanu akuti ndi maganizo chabe.

Nkhani yabwino ndi iyi. Adona a ku bekale kumene ndimayendetsa galimoto avomera kuphika okha keke ya ukwati wa mlongo wathu. Idzakhala yosanjikiza katatu. Andilolanso kubwera nayo kumeneko pa kagalimoto ka kuntchito. Nditamva ndinavina pompo mpaka ophika buledi anandiseka. Koma nditakumbukira msewu wa kwathu wokhotakhota uja, ndinasiya kuvina.

Kagalimotoka n'kakatali msinkhu koma kopapatiza, ndipo pa kona kamapendekera ngati munthu woledzera. Mwezi wathawu ndinanyamula keke ya anthu ena, ndikuyenda pang'onopang'ono mpaka njinga kumandipitirira. Komabe pa kona ya kumsika gawo la pamwamba linatsetsereka, tizidole ta mkwati ndi mkwatibwi n'kugwa chamutu. Adona anakonza msanga, eni ake sanadziwe. Koma kwathuko adona sadzakhalako. Ikadzagwa panjira, ndidzamuyang'ana bwanji mlongo wathu?

Ndinapita kwa amakaniko athu amene timawatcha a Ndevu. Anandilowetsa pansi pa galimoto n'kundionetsa chitsulo chopingasa chimene chimagwira tayala la kumanzere ndi la kumanja. Iwo amati stabilaiza. Anati ntchito yake ndi kukaniza galimoto kuti isapendekere ikamakhota. Chathucho chinali chowonda ngati chala, ndipo timphira take tinali titadyeka. Adona analola kuti tiike zatsopano zonenepako.

A Ndevu anati tisinthe kutsogolo ndi kumbuyo komwe, zitsulo zogwirizana. Koma cha kumbuyo chinali chisanafike, ndipo ine sindikanatha kudikira. Ndinawaumiriza kuti aikiretu cha kutsogolo, chonenepa kuposa zonse zimene anali nazo. Ndinkati chitsulo chikakula, chitetezo chakulanso. Anandiyang'ana n'kunena kuti galimoto si chitseko choti uikepo loko wamkulu akuba aope. Komabe anaika kuti ndidzionere ndekha.

Loweruka masana tinapita kukayesa pa bwalo la fakitale ina yotsekedwa. Keke yoyesera panalibe, choncho tinatenga beseni lochapira la mlamu wanu, kulidzaza madzi, n'kuliika pamene pamakhala keke. Mlamu wanu anakhala kumbuyoko kuti aziona ngati madzi akutayika. Pokhota koyamba galimoto sinapendekere kwenikweni, koma inakana kumvera. Ine ndapinda chiwongolero, iyo mphuno ikulunjika kumpanda. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, beseni lonse n'kuthera pa mlamu wanu. Anatsika akudontha, n'kunena kuti anakwatiwa ndi dalaivala osati wobatiza anthu, ndipo ngati ndikufuna kumusambitsa ndizibwera ndi sopo. A Ndevu anaseka mpaka kukhala pansi.

Atapuma anandilongosolera. Anati kutsogolo kukauma kwambiri kumbuyo kuli kofewa, galimoto imakana kukhota. Kumbuyo kukauma mopitirira, mchira ndi umene umathawa, ndipo zimenezo ndiye zoopsa koposa. Anati zili ngati anthu awiri onyamula tebulo la mbale. Wina akalimbikira yekha osaona mnzake, mbale zimagwa.

Cha kumbuyo chitafika, anachotsa chimphona changa chija n'kuika chapakatikati, chogwirizana ndi chinzake. Tinabwereranso kubwalo kuja. Mlamu wanu anakana kukwera, anakaima patali atatsegula ambulera kuti andinyogodole. A Ndevu ndi amene anakhala ndi beseni. Achimwene, ndinakhota kumanzere, ndinakhota kumanja, madzi ankangogwedera osadumpha mlomo wa beseni. Galimoto inkapita kumene ndailozetsa. Ndinatsika n'kuwakumbatira a Ndevu ndi mafuta awo omwe.

Koma walira mvula walira matope. A Ndevu andichenjeza kuti popeza galimoto yalimba, tayala limodzi likagwa m'dzenje thupi lonse limagwedezeka uku ndi uku kuposa kale. Ndayesa pa kadzenje ka kuseri kwa bekale, n'zoona. Makona sindikuwaopanso. Chimene chikundisowetsa mtendere tsopano ndi dzenje lija la pageti pathu, limene madzi a mvula anakumba mbali ya kumanzere. Taganizani, kuyenda ulendo wonsewo bwinobwino, keke n'kudzagwera pakhomo anthu onse akuona!

Pempho langa ndi limodzi lokha. Likwirireni dzenjelo. Muyambe ndi miyala pansi, dothi pamwamba, mutsendere bwino. Musawatume amalume, mukuwadziwa, amangowaza mchenga n'kunena kuti zatheka. Mukamaliza mudumphepo nokha, poti inu ndi amene muli ndi thupi, kenako mundijambulire pafoni ndione. Mvula ikagwa mukaonenso. Mlongo wathu musamuuze zonsezi, iye azingoganiza za diresi lake.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti azikweza mwendowo pa pilo. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa ana onse, ndi kwa amalume, koma za mchenga zija musawawerengere. Mlamu wanu akupereka moni, akuti pa ulendowu adzakhala kutsogolo.

Pa tsikulo mukadzaona kagalimoto koyera kakubwera ngati kamba, ndine. Muwauze onse asadzathamangire kumsewu, ndipo pasadzapezeke wondigwira dzanja kapena kundifunsa za ulendo kufikira keke itakhala patebulo. Ikadzakhala, mudzandipatse mpando.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumamutcha Nanga-Zikavuta