Pakamwa Pachiwiri pa Nkhani ya Kasdi

Lolemba, 14 Malichi

Pak Hardjito, bambo a ku ofesi ya zachitetezo, abwera kwa ine kudzameta ndevu, monga Lolemba lililonse. Thovu kumaso, maso chotsinzina, ine n'kumapereka za mumsika. Lamulo lawo ndimalisunga bwino: zomwe ndaona pazokha, zomwe ndamva pazokha, zomwe ndikuganiza pazokha. Kusakaniza ayi.

Ndaona: njinga zamoto ziwiri zachilendo pakhomo pa Kasdi wogulitsa tempe, chakudya cha soya chija, Lachinayi madzulo, ina yopanda galasi. Ndamva: palibe. Ndikuganiza: mwina misonkhano.

Akuti pakamwa pamodzi si umboni. Ofesi sigwira munthu mpaka wina, payekha, anene zomwezo. Mtima unakhala pansi.

Lachiwiri, 15 Malichi

Darsono wolondera njinga pamsika anabwera kudzameta tsitsi. Ndinamuponyera za njinga zija kuti ndione ngati akudziwapo kanthu. Anangoyasamula, ati dazi langa likumuthobwa m'maso. Mbuli. Sadziwa chilichonse.

Lachisanu, 18 Malichi

Amutenga Kasdi. M'mawa, anthu akuona, dengu la tempe lili pansi nkhuku zikujompha. Ndiye kuti pakamwa pachiwiri panapezeka. Ndiye kuti ndinaganiza zoona. Ndadya bwino lero.

Loweruka, 19 Malichi

Mkazi wa Kasdi, Bu Tumini, akuzungulira msika wonse kufunsa komwe amupititsa. Kwa ine wanena kuti alendo a Lachinayi ndi akuchimuna, amabwera kudzawerengera tsiku labwino la ukwati wa mwana wawo wamkazi. Tsopano akuchimunawo atumiza mawu kuti ayamba adikira kaye. Ndinamuuza kuti asunthe, akunditchingira kuwala, ndili ndi munthu pampando.

Akazi a ogwidwa onse amakhala ndi nkhani yotere.

Lamulungu, 20 Malichi

Pomwera khofi Darsono amafotokozera anzake za Kasdi. Njinga ziwiri, ina yopanda galasi, misonkhano. Mawu anga onse, "mwina" yekha ndiye anamutaya. Ndudu zomwe amagawa ndi za mtundu womwe Pak H. amandisiyira ine. Ndinamukokera pambali, ndinamufunsa kuti njingazo anaziona liti.

"Aa, Mas Dazi, kuziona? Si munandiuza ndinu?"

Khofi ndinamusiya. Kunyumba ndanola malumo onse, ngakhale onola kale.

Lolemba, 21 Malichi

Ndawauza Pak H., lumo lili pakhosi pawo. Kuti pakamwa pachiwiri paja ndi panga pomwe, panangodutsira mwa Darsono. Kuti ine ndinaona njinga basi. Sanatsegule n'komwe maso. Ati zilibenso ntchito, Kasdi wavomera yekha. Ndinafunsa kuti wavomera chiyani.

"Zomwe tinamuwerengera. Pakamwa patatu tsopano, Wagiman. Ukufuna pangati?"

Kenako ati woulula za ofesi kwa makasitomala naye ali ndi mlandu wake, koma iwo lero sanamve kanthu. Ndipukute bwino kuseri kwa khutu, ndasiyako thovu. Ndinapukuta.

Lachiwiri, 22 Malichi

Bu Tumini wayala tempe pamalo pa mwamuna wake. Palibe woima. Ndadutsa njira ya kwa ogulitsa nsomba.

Lachitatu, 23 Malichi

Anditumizira galimoto, ndikamete mipala anthu osungidwa ku ofesi, ati nsabwe zachuluka. Kasdi anali pamzere. Diso limodzi lotsekeka, mano akutsogolo mulibe. Msilikali wolondera ankamuseka kuti bambo a mkwatibwi akudzikonzera ukwati, ndimupake ndi mafuta onunkhira omwe. Ndinayendetsa lumo pang'onopang'ono, kulambalala zilonda. Sindinamucheke paliponse.

Msilikali atatembenuka kukayatsa ndudu, Kasdi ananong'ona chosamveka bwino chifukwa cha mano aja.

"Mas Wagiman, manja anu okha ndi amene sanandipweteke muno. Inu mumamva zonse pampando panu paja. Mundifufuzire kuti wandipereka ndani. Mawa akuti mubweranso kudzamaliza enawa, ndipo Lachisanu atisamutsa. Mudzandiuze lisanafike Lachisanu."

Ndinati ndiyesetsa. Anandigwira dzanja kuthokoza.