Dzanja Lamanzere

Okondedwa Malume,

Muli bwanji kutauniko? Ife tilipo, kungoti amayi sakulankhulabe kwenikweni. Nsapato zija ndinalandira, zikomo. Ndimazikoleka m'khosi powoloka.

Mvula yayambanso ndipo mtsinje wadzaza. Za mlatho zija zinathera pakamwa. Popita kusukulu timawolokabe monga kale, titagwirana manja, aang'ono pakati. Aphunzitsi akuti tisamajombe, mayeso ayandikira.

Koma chikokolokereni mng'ono wanga chaka chatha, palibe amene amafuna kugwira dzanja langa lamanzere, limene ankagwira iyeyo. Anzanga amandiika kumapeto kwa mzere. Tikafika pakati pa madzi, dzanjalo limalemera, Malume. Amayi sindinawauze.

Kodi kwanuko ana amawolokanso mtsinje popita kusukulu? Ndangofunsa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
amene watsala.